Ulendo wa pa Mthuthuthu Kucokera ku Kafue Kukafika ku Nyanja ya Malawi

Munthu wokhala m'tauni ya Kafue, ngati ali ndi mthuthuthu ndi masiku a chuthi, sasowa kolowera. Akaoloka mlatho wa mtsinje wa Kafue kulinga kumwera apeza mphambano pamene mseu ugawikana pawiri: wina upita ku Mazabuka ndi Livingstone, wina utsikira ku Chirundu, ndipo asanayende makilomita 100 ali kale pa malire a dziko la Zimbabwe. Amenewo ndiwo malire apafupi. Koma anthu ambiri a m'Kafue ndi a ku Migodi amene makolo ao anacokera kum'mawa mtima wao uloza kwina, pakuti afuna kuiona ndi maso Nyanja ya Malawi imene agogo ao ankaisimba madzulo pa moto. Ulendo umenewo ndi wa makilomita pafupifupi 880 kupita kokha, ndipo ukoma kapena kuipa monga momwe mwini wace anaukonzera asananyamuke.

Basi yocokera ku Lusaka ifika ku Lilongwe tsiku limodzi. Inyamuka kusanace nifika madzulo kapena usiku, ndipo wokweramo atsika miyendo itatupa, osadziwa ngakhale dzina la phiri limodzi la panjira. Mwini mthuthuthu amene ayesa kupikisana ndi basi imeneyo wataya ubwino wonse wa njinga yace, natsala ndi zoopsa zace zokha. Njinga ya moto iposa basi pa cinthu cimodzi, ndico cakuti iima pamene mwini wace afuna. Cifukwa cace ulendo uno suyesedwa ndi makilomita ai, uyesedwa ndi dzuwa. Tsiku liri lonse munthu akhale atafika pogona pace, atatsitsa katundu ndi kusamba, dzuwa likali kuoneka. Malo oona ndi malo odyera akonzedwa motsata lamulo limeneli.

DZUWA NDILO WOCHI

Njinga zambiri zimene anthu a m'matauni ali nazo masiku ano ndi zazing'ono, za 125cc kapena 150cc. Njinga yotere ikasenza munthu ndi katundu iyenda bwino pa liwiro la makilomita 70 kapena 80 pa ora, ndipo kuikakamiza kuposa apo kwa nthawi yaitali ndiko kutenthetsa injini. Tsono powerengera kuima pa zipata za apolisi, kuthira petulo, kudya ndi kuongola msana, pa ora limodzi munthu apita makilomita ngati 50. Maora asanu ndi limodzi pa cishalo akwanira. Kupitirira apo maso ayamba kulemera ndipo manja acedwa kumvera. Ndiwo makilomita 300 pa tsiku, cotero ulendo wa ku nyanja ukhala wa masiku atatu. Atatu kupita, atatu kubwera, ndi atatu kapena anai okhala kumeneko: munthu apemphe chuthi ca masiku khumi. Wa ku Kitwe kapena ku Chingola aonjezepo tsiku limodzi uku ndi uku, pakuti kucokera ku Kitwe kufika ku Lusaka pali kale makilomita ngati 360.

Omvera ena angafunse kuti mdima uopedweranji, popeza njinga iri ndi nyali. Nyali ya njinga yaing'ono iunika pafupi, ndipo zoopsa zambiri za mseu wa kum'mawa ziribe nyali konse. Pali ngolo za ng'ombe zobwera kumunda mocedwa, pali njinga zopalasa zosenza matumba a makala otambalala kuposa munthu, pali mbuzi ndi nkhumba zimene zikonda kugona pa tala pofunda, ndiponso pali malole ofera pa mseu amene cizindikiro cao ndi nthambi za mitengo zoponyedwa pansi. Usana zonsezi zioneka patali. Usiku munthu aziona atafika kale, makamaka pamene lole yobwera kutsogolo yamuthobwa m'maso ndi nyali zace. Wa m'galimoto akagunda mbuzi aononga citsulo; wa pa njinga akagunda mbuzi yomweyo athyoka iye mwini.

Pali cinanso cimene ambiri sacidziwa. Wochi ya ku Zambia ndi ya ku Malawi zinena nthawi imodzi, koma dzuwa silitero. Popeza Salima ali kutali kum'mawa, dzuwa lilowa kumeneko msanga ndi mphindi ngati 25 kuposa ku Kafue, ndipo m'mwezi wa June limira nthawi isanakwane 17.30. Munthu wozolowera kuweruka ku Kafue kukali koyera adabwa kuona mdima utamgwira panjira. Komanso wopita kum'mawa ali ndi dzuwa m'maso m'mamawa, ndipo wobwerera kumadzulo ali nalo m'maso cakumadzulo, pa nthawi imene watopa kale.

Nyengo yabwino ndi kuyambira May kufikira August. Mvula yatha, cimanga cakololedwa, ndipo m'misika ya panjira muli zakudya zambiri. Koma June ndi July ali ndi cisanu ca m'mamawa cimene pa njinga ciluma zala kufikira munthu alephera kugwira buleki, cotero magolovesi ndi jekete yochinga mphepo si zodzikongoletsera ai. September ndi October ndi miyezi ya lupsa, pamene utsi wa chire uphimba mseu mwadzidzidzi, ndipo m'cigwa ca Luangwa kutentha kufika madigiri 40. M'dzinja dziko likongola koposa, koma maenje a pa mseu abisala m'madzi, ndipo mvula ya masana idula maora amene munthu anawerengera.

ZA NJINGA NDI MAPEPALA ACE

Itatsala sabata imodzi njinga ipite kwa makaniko kuti aone mabuleki, cheni, masipoko ndi nyali zonse, nathire mafuta atsopano m'injini. Tayala limene mizere yace yafufutika lisinthidwe ulendo usanayambe. M'thumba la zida mukhale masipanala, zitsulo zocotsera tayala, machubu awiri, zigamba ndi guluu, pampu, pulagi ndi waya wa kilachi. Munthu amene sanamatepo tayala ayese pabwalo pa nyumba yace Loweruka lina ana akumseka, kusiyana ndi kukaphunzirira pakati pa mapiri pamene palibe womseka kapena womthandiza.

Za petulo asakhulupirire mau a wogulitsa njinga. Adzaze thanki ku Kafue, amange katundu yense wa paulendo, apite ku Lusaka ndi kubwera, ndiwo makilomita 90, nadzazenso. Malita amene alowa kaciwiri ndiwo amuuza zoona. Ngati alowa malita 3 ndiye kuti njinga ipita makilomita 30 pa lita, ndipo thanki ya malita 12 imfikitsa makilomita 360 pa mseu wosalala. M'mapiri acotsepo gawo limodzi la magawo asanu. Ciwerengero cimeneci ciri ndi nchito yaikulu pakati pa Chongwe ndi Nyimba, mtunda wa makilomita pafupifupi 290 umene malo othira petulo ndi otalikirana, ndipo pampu imene munthu anaidalira akhoza kuipeza youma.

Anchito a m'migodi safunika kuuzidwa za cisoti colimba. Palibe kapitao amene alola munthu kutsikira pansi wopanda cisoti, ngakhale anyamata omwewo akaweruka aoneka m'komboni akuthamanga pa njinga cisoti ciri pa cigongono, monga ngati cigongono ndico ciganiza. Malamulo a maiko onse awiri afuna cisoti pamutu pa woyendetsa ndi pa wokwezedwa yemwe. Ca m'mgodi siciyenera, pakuti cinapangidwira mwala wogwa kucokera pamwamba, ndipo cibvuka munthu akagubuduzika pa mseu. Majombo a m'mgodi ndiwo abwino ndithu.

Mzika ya Zambia sifuna visa polowa m'Malawi, koma pasipoti ikhale yosatha nthawi yace. Laisensi ikhale ya njinga ya moto: A1 ndi ya njinga zosapitirira 125cc, A ndi ya zazikulu. Njinga nayo iri ndi pasipoti yace, ndiyo White Book, ndipo dzina lolembedwamo likhale la woyendetsa; ngati njinga ndi ya mbale kapena ya ngongole, pafunika kalata ya mwini wace yodindidwa. Pafunikanso cikalata ca apolisi cocitira umboni kuti njinga si yakuba, ndipo cimeneci citengedwe ulendo usanayambe. Inshuwalansi ya m'Zambia ithera pa malire. Yoyendera maiko ena ndi Yellow Card ya bungwe la COMESA, limene likulu lace liri m'Lusaka momwemo, ndipo igulidwa kwa a inshuwalansi kuno kwao. Malipiro a pa malire asintha caka ndi caka, cotero munthu afunse kwa a ZRA, kwa a RTSA ndi ku ofesi ya kazembe wa Malawi m'Lusaka masiku ocepa asananyamuke. Safunsa anadya phula.

Ndalama za maiko awiriwa ziri ndi dzina limodzi. Kwacha ya Zambia inayamba m'caka ca 1968, ya Malawi m'caka ca 1971, koma mphamvu zao zisiyana kutali, ndipo m'November 2023 ya Malawi inatsitsidwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Mtengo umene mnzace wa munthu anasinthira zaka ziwiri zapitazo ulibe nchito. Anyamata oyenda ndi mitolo ya ndalama pa malire awerenga msanga kuposa maso a mlendo wotopa; kuli bwino kusintha ku banki kapena ku ofesi yololedwa, kusunga lisiti, ndi kugawa ndalama m'matumba awiri.

KUTSIKIRA KU LUANGWA

Anyamuke ku Kafue kum'mawa kutangofiira. Makilomita 45 oyamba aloza kumpoto kudzera ku Chilanga, cotero dzuwa liri pambali, ndipo munthu adutsa Lusaka magalimoto a opita ku nchito asanathithikane. Akalowa mu mseu wa Great East dzuwa liri m'maso. M'malo molimbana nalo aime pa Chongwe, makilomita ngati 45 kucokera ku Lusaka, amwe tiyi ndi zitumbuwa, adzaze thanki, nagule mabotolo awiri a madzi akumwa. Pafupi pomwepo pali Chalimbana, kumene aphunzitsi ambiri a dziko lino anaphunzira nchito yao, ndipo alimi a kum'mawa alidziwa dzinalo cifukwa ca nsawa zazikulu zija.

Kupitirira Chongwe mafamu acepa, mapiri a mitengo ya miombo ayamba, ndipo m'mbali mwa mseu muima matumba a makala ondanda ngati asilikali, umboni wa kumene nkhalango imeneyi ikupita. Rufunsa ali pa makilomita oposa 150 kucokera ku Lusaka. Patsogolo pace pali Mpanshya, pamene pali cipatala ca mishoni ca St Luke's, ndipo wapaulendo acite bwino kusunga dzina limeneli m'mutu, pakuti kutsogoloko ndiko ku Manenekela. Lusaka ali pa mamita ngati 1,280 pamwamba pa nyanja yamcere, pamene mlatho wa Luangwa uli pa mamita ngati 400 okha, ndipo mseu utsika mtunda umenewo mokhotakhota, phiri mbali ina, phompho mbali ina. Malo amenewa ndiwo okongola koposa m'tsiku loyamba, ndiwonso apha anthu. Potsika munthu aike giya yaing'ono kuti injini ndiyo igwire njinga, pakuti mabuleki oponderezedwa kwa nthawi yaitali atentha naleka kugwira. Acepetse liwiro asanalowe pokhota, osati ali pakati pace. Ayang'anire mafuta a dizilo otayika ndi malole, amene aterera kuposa therere, ndipo asaime kutsogolo kwa lole yotsika. Wofuna kuona cigwa aime pamalo otambalala, azime injini, naone mokhuta. Kuona ndi diso limodzi njinga ikuyenda ndiko kwagwetsa ambiri.

Cakumasana mphepo isanduka yofunda, milambe iyamba kuoneka, ndipo munthu afika pa msika wa Luangwa Bridge, makilomita ngati 230 kucokera ku Lusaka ndi 275 kucokera ku Kafue. Pfungo la nsomba limlonjera asanazime njinga. Pali nsomba zouma zoyanikidwa m'mathandala, pali zokazinga zodyera pomwepo ndi nsima yotentha, pali madengu, mphasa ndi zipewa zoluka, ndipo m'miyezi yacisanu pali masau a m'cigwa. Wa m'basi apatsidwa mphindi zowerengeka, nagula mothamanga pa mtengo woyamba kuchulidwa. Wa pa njinga akhala pansi, asamba m'manja, nasankha nsomba imene aiona ikulowa m'mafuta. Lamulo la mimba paulendo ndi limeneli: cophikidwa munthu akuona ndi cotentha adye, cimene cakhala pa mbale nchenche zikuceza naco acisiye, pakuti kutsegula m'mimba pa njinga ya moto kuthetsa ulendo msanga kuposa kuphulika kwa tayala.

Mlatho weniweniwo uli patsogolo pang'ono. Woyamba unamangidwa m'caka ca 1932 ndi ndalama za Beit Trust, ndipo umene ulipo tsopano, wolenjekeka pa zingwe zacitsulo zocokera pa nsanja ziwiri, unatsegulidwa m'caka ca 1968. Cigawo conse ca kum'mawa cidalira mlatho umenewu, cifukwa cace pali alonda a Boma, ndipo wofuna kujambula cithunzi ayambe wapempha. Kumunsi kwa mlatho mtsinje wa Luangwa ndiwo malire a Zambia ndi Mozambique. Mseu wopatuka pa msika upita makilomita ngati 90 kumwera kukafika ku boma la Luangwa, limene kale linkachedwa Feira, pamene Luangwa athira m'Zambezi moyang'anana ndi Zumbo. Kufupi ndi kumeneko ndiko Angoni a Zwangendaba anaolokera Zambezi m'November 1835, tsiku limene kadamsana anadetsa dzuwa. Mngoni amene ali ndi tsiku lapadera angapatukireko. Ena onse agone pa Luangwa Bridge m'nyumba za alendo, m'masikito, pakuti udzudzu wa m'cigwa sudziwa nyengo.

Tsiku laciwiri ndilo lalitali, makilomita ngati 340 kufika ku Chipata, koma mseu kuyambira pa mlatho kufikira ku malire unakonzedwanso m'zaka za m'ma 2010. Akwera mapiri a Kacholola kukali kozizira, nafika ku Nyimba, kwao kwa nthoci, kumene adzazanso thanki. Kucokera apo dziko lidzala midzi, nkhokwe, minda ya thonje ndi nsawa, ng'ombe za Ansenga ndi Acewa, ndi ana a sukulu oyenda m'mbali mwa tala. Liwiro licepe pa mudzi uli wonse. Mseu umenewu uli ndi mbiri imene anchito a m'migodi ayenera kuikumbukira. Amuna a ku Fort Jameson ndi a ku Nyasaland anayenda maiko omwewa pansi, masabata ambiri, mtolo pamutu, kukafuna ndalama za msonkho ku migodi ya Southern Rhodesia, ku Broken Hill, ndipo pambuyo pace ku Migodi ya mkuwa. Ambiri sanabwerere, nachedwa machona. Mdzukulu wao amene adutsa mtunda womwewo m'masiku awiri atakhala pa cishalo alibe cifukwa ca kudandaula msana.

Atapitirira mphambano ya Petauke ndi Sinda afika ku Katete, patsinde pa mapiri a Mphangwe, pamene pali cipatala cacikulu ca St Francis. M'dera limeneli muli Mkaika, likulu la Kalonga Gawa Undi, kumene Loweruka lotsiriza la August mafumu a Acewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique asonkhana ku mwambo wa Kulamba. Boma la atsamunda linauletsa m'caka ca 1934, ndipo unayambanso m'caka ca 1984. Wokonza ulendo wace kuti ugwere pa sabata imeneyo aona Gule Wamkulu wa maiko atatu pa bwalo limodzi, koma adziwe kuti malo ogona ku Katete ndi ku Chipata adzala masiku amenewo, ndipo mseu ukhala ndi oyendetsa amene alawa mowa. Nc'wala ya Angoni ku Mtenguleni icitika kumapeto kwa February, pakati pa mvula, nthawi yobvuta kwa wa pa njinga.

Chipata, Fort Jameson wakale, ali m'kati mwa mapiri pa makilomita ngati 570 kucokera ku Lusaka, ndipo njinga zopalasa ziculuka m'miseu yace kotero kuti mlendo ayenera kuyenda ngati wolowa m'khola la nkhuku. Cakudya ca madzulo cikhale nsima ndi nkhuku yakumudzi ndi nkhwani wotendera, ndipo pa msika wa Kapata apeza cikanda ndi nsawa zokazinga za kamba wa mawa. Cacikulu ndi kudzaza thanki pano. M'zaka za 2022 kufikira 2024 dziko la Malawi linasowa petulo kawirikawiri, magalimoto nagona pa mizere masiku. Kucokera ku Chipata kufika ku Senga Bay pali makilomita ngati 265, ndipo thanki yodzala ya njinga yaing'ono ifikako.

TSIDYA LA MALIRE

Cipata ca Mwami ciri pafupi, ulendo wa theka la ora. Kuyambira m'December 2022, pamene Apulezidenti Hakainde Hichilema ndi Lazarus Chakwera anatsegula nyumba zatsopano, wapaulendo aima kamodzi kokha, ndipo anchito a maiko onse awiri amthandiza pamalo amodzi. Afike m'mamawa mabasi asanaunjikane. A kasitomu apereka cikalata cololeza njinga kulowa kwa masiku owerengeka. Pepala limenelo lisungidwe m'pulasitiki pamodzi ndi pasipoti, cifukwa apolisi a panjira alifunsa, ndipo lifunikanso pobwerera. Ku Malawi ayendera kumanzere monga ku Zambia.

Codabwitsa ca malire amenewa ndi cakuti munthu awaoloka osasintha lilime. Mapiri a Mchinji ndi omwewo, mafumu ndi a mitundu yomweyo, moni ndi yemweyo. Mau ocepa okha ndiwo aulula mlendo. Wa ku Kafue akapempha nsawa amyankha kuti ndi mtedza, akafuna kandolo amsonyeza mbatata, ndipo Cinyanja ca m'Lusaka cosakaniza ndi Cibemba ciseketsa amai a pa msika, amene aseka mwaulemu nachula mtengo wa mlendo. Kupatsa moni wathunthu asanafunse kanthu kutsitsa mtengowo. Akulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata.

Kucokera ku Mchinji, Fort Manning wakale, kufika ku Lilongwe pali makilomita ngati 110 a dziko lathyathyathya la fodya ndi cimanga. Lilongwe, likulu la dziko kuyambira 1975, ndi mzinda wotambalala wodzala njinga za kabaza, ndipo wa ku nyanja asatayemo nthawi. Adye chipisi ca pa ciwaya ndi kanyenya, amwe thobwa ngati aipeza yaukhondo, nafunse mseu wa Salima. Makilomita ngati 100 otsatawo atsika pang'onopang'ono m'zitunda; m'mbali mwa mseu anyamata akweza mbewa zopanidwa pa timitengo, ndipo wa kum'mawa sasowa womuuza kadyedwe kace. Mphepo ifunda, milambe ibweranso, ndipo atapitirira Salima ndi makilomita ngati 20 mseu uthera pa mcenga wa Senga Bay.

Munthu wa ku Kafue ayesa kuti madzi awadziwa, popeza anakulira pafupi ndi mtsinje umene mlatho wace wa sitima, womangidwa m'caka ca 1906, ndi wa mamita 427. Nyanja iyi utali wace ndi makilomita pafupifupi 580, kuya kwace kufika mamita 700 cakumpoto, ndipo iri ndi mafunde ndi mitundu mazanamazana ya nsomba zosapezeka kwina kuli konse pa dziko lapansi. M'mamawa asodzi akoceza ngalawa ndi mabwato, ndipo pomwepo ndipo pogula ndiwo. Cambo ndi pacibale ndi nsomba zoyera za m'Kafue, koma cacepa m'nyanja cifukwa ca kupha kopitirira, mtengo wace wakwera, ndipo mlendo wosadziwa agulitsidwa makumba m'dzina la cambo. Kunena zoona, kampango woocha pa makala sacepa kwa cambo, ndipo mtengo wace ndi wacifundo. Usipa ufanana ndi kapenta m'maso koma ndi nsomba ina, ndipo wauwisi wophikidwa ndi tomato pa mpunga ndi cakudya cimene wa ku Migodi sacipeza kwao.

Pa masiku a ku nyanja njinga ipumule. Mowa umwedwe makiyi ali m'thumba la mwini nyumba ya alendo. M'miyezi yacisanu mphepo ya mwera iutsa mafunde akulu, cotero wosadziwa kusambira asakwere bwato tsiku limene asodzi eni ace akhala kumtunda. M'madzi odikha a m'mabango muli nkhono za likodzo, ndipo amene wasamba m'nyanja akaonane ndi a cipatala atabwerera kwao. Kutentha thupi kuli konse paulendo kapena pambuyo pace kuyesedwe malungo tsiku lomwelo.

Pobwerera si bwino kuponda m'mapazi omwewo. Mseu wa kumwera kucokera ku Salima ufika pa makilomita ngati 60 ku Mua, mishoni imene ansembe a White Fathers anaiyamba m'caka ca 1902. Pamenepo Bambo Claude Boucher anakhazikitsa Kungoni m'caka ca 1976, ndipo m'nyumba ya Chamare muli mbiri ya Acewa, Angoni ndi Ayao, pamodzi ndi zigoba mazana za Gule Wamkulu. Mcewa wolowa kudambwe angaone zacilendo kupeza zinthu zotere poyera, koma mwana wobadwira m'komboni ya mgodi aphunziramo m'maora awiri zimene atate ace analibe nthawi ya kumuuza. Wokhala ndi masiku ena awiri angapatuke pa Golomoti kupita ku Monkey Bay ndi Cape Maclear, kumene amishoni a Livingstonia anayamba kukhala m'caka ca 1875 nasiyako manda.

Wosapatuka atembenukira kumadzulo pa Golomoti, nakwera mseu wokhotakhota wopita ku Dedza. Mseu umenewu ndiwo mphotho ya ulendo wonse kwa munthu wa pa njinga: pa kukhota kuli konse cigwa citambalala kumbuyo, nyanja nionekera patali ngati lata loyanikidwa. Jekete imene inabvulidwa ku Salima ibvalidwenso, pakuti Dedza ali pa mamita ngati 1,600, ndipo phiri lace lipitirira mamita 2,000. Kumeneko ndiko kwao kwa mbatata ya kacewere, ndipo chipisi cace ciposa ca ku Lilongwe. Kuli malo ochuka oumba mbiya ndi makapu, ngakhale mphika wadothi ndi katundu wobvuta pa njinga. M'mapiri a Chongoni pafupi pomwepo muli malo 127 a zojambula za pa miyala, zofiira za Akafula ndi zoyera za Acewa, zimene bungwe la UNESCO linazilemba m'kaundula wace m'caka ca 2006. Pafunika wa m'mudzi wolondolera njira, ndi theka la tsiku.

Agone ku Dedza. M'mawa mwace pali makilomita 85 kufika ku Lilongwe ndi ena ngati 145 kufika ku Chipata, ndipo popeza tsopano aloza kumadzulo, anyamuke m'mamawa dzuwa liri kumsana kuti maora a masana amthere pa malire, osati pa mseu. Usipa wouma wa ana kunyumba aukulunge m'thumba la pepala ndi kuumanga pamwamba pa katundu, kutali ndi paipi ya utsi, ndipo auonetse kwa a kasitomu pa Mwami iwo asanaununkhize.